Ndinabwereka Malume pa Ukwati wa Mwana Wanga

Moni kwa inu nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ambiri mumandidziwa chifukwa cha sewero la banja lija la pa kanema, momwe ndimakhala Nagama, mayi wolongolola amene sagonja. Lero sindikusewera. Ndikufuna ndichitire umboni za chidani chimene ndinasungira mlongo wanga kwa zaka ziwiri, mpaka chinatsala pang'ono kupha banja la mwana wanga lisanayambe n'komwe.

Sewero limenelo amalemba ndi mlongo wanga Limbani, ndipo iye amaseweramo ngati mlongo wa Nagama, monga zililinso kwathu. Mwana ameneyu ndinamulera ndine, kumsana kwangaku. Bambo a ana anga atandithawa n'kukakhala ndi mkazi wina ku Mgona, ndinawalondola komweko. Ndinatukwana, ndinagwera m'ngalande, ndinabwerera ku Kawale ndi nsapato imodzi. Zimenezi ndinauza Limbani yekha, ndikulira. Patapita miyezi, nkhani yonse ndinaipeza papepala la sewero, ndi nsapato yomwe. Ndinasewerabe chifukwa ntchito ndi ntchito, anthu anaseka mpaka nthiti kuwawa, koma ine mtima unauma gwa. Ndinamuuza pamaso kuti, "Kuyambira lero ana anga alibe malume."

Kuchokera pamenepo tinkakhala ngati anthu awiri osadziwana. Kamera ikayaka tinkaseka ndi kugwirana mapewa, ikazima aliyense njira yake. Ndikamuona m'minibasi ndinkadikira ina. Akalemba gawo loti mlongo wa Nagama apepese, ndinkakana kusewera, n'kumauza wotsogolera sewero kuti Nagama safewa. Mtendere ndinalibe. Kutchalitchi ndinkaimba ndi pakamwa pokha, mumtima ndikukangana ndi Limbani.

Kenaka mwana wanga Tadala anapeza mnyamata wa ku Area 25, wa banja lopemphera lochokera kumpoto. Akuchimuna anatumiza uthenga wofunsa malume oti akambirane nawo za chinkhoswe. Inu mukudziwa kuti nkhani zotere mayi sayankhula, mwini mbumba ndi malume. Apa m'pamene ndinayamba kuyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinapita ku Area 23 kwa msuweni wathu kuti adzaime m'malo mwa malume, ndinapeza anasamuka kalekale. Ndinapita ku Chinsapo kwa mkulu wa mpingo, iye anakana, amvekere mlongo wanu ali moyo. Mawu amenewo anandipsetsa mtima m'malo mondiphunzitsa.

Tsono ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinapempha bambo wina wa m'sewero lathu, amene amakhala mlonda woledzera, kuti adzakhale malume kwa tsiku limodzi. Ndinamupezera suti, ndinamuphunzitsa mayina a kumudzi kwathu. Alendo atafika, anawalonjera bwinobwino ngati munthu wolemekezeka. Koma azakhali a mnyamatayo, a Nyagondwe, anamuyang'anitsitsa n'kufunsa mofatsa, "Pepani, kodi awa si alonda aja a pa kanema?" Alendo anatsanzika mwaulemu, tiyi osamaliza, tsiku la chinkhoswe osatchula.

Tadala anadzitsekera kuchipinda, chakudya osadya. Atatuluka anangondifunsa funso limodzi: "Amayi, mwandiphera banja chifukwa cha nsapato?" Ndinasowa mtengo wogwira. Ndinkayamba kuchapa n'kusiya, kutuluka panja n'kubwereranso, kukhala pansi osakhazikika. Ndinagwada n'kupemphera, koma ndinene zoona, ndinkapempha Mulungu kuti andipatse njira ina yosadutsa kwa Limbani. Njira yoteroyo sanandipatse.

Anandipatsa a Nyagondwe. Lolemba m'mawa anabwera okha, n'kundipeza ndili pa beseni la zovala. Ndinkayembekezera kunyozedwa, koma anakhala pa mpando n'kunena kuti kwawo sewero lathu saliphonya. "Onse muja akusintha, mayi," anatero. "Mlonda wasiya mowa, mlongo wanu wakula nzeru. Mwatsala ndinu nokha. Kodi wolemba ndiye sakufuna, kapena ndinu?" Anandiuza kuti akuchimuna adikira masabata awiri, ndipo anapemphera nane asananyamuke.

Tsiku lomwelo ndinakwera minibasi ya ku Biwi. Ndinadutsa pageti pa Limbani katatu osalowa. Kachinayi anatsegula yekha. "Asisi," anatero. Ndinali nditakonza zoyankhula zambiri, koma iye analowa m'nyumba n'kubwera ndi mulu wa mapepala, magawo onse amene ndinkakana aja. "Pakamwa ndimakuopani, ndiye ndimalemba. Ndinalakwa, asisi. Ndinatenga misozi yanu kukaseketsa anthu." Munthu anakhala akundipepesa zaka ziwiri, ine n'kumabweza mapepala osawerenga mpaka kumapeto. Ndinalira ngati mwana, ndipo nanenso ndinapepesa chifukwa chomulanda ana a mlongo wake. Akuluakulu sananame, chibale n'fupa, sichiola.

Limbani anapita yekha ku Area 25 kukapepesa m'malo mwanga, ndipo anasenza manyazi amene sanali ake. Chinkhoswe chinachitika ku Kawale. Nditamuona ataima pakati pa anthu, akulandira tambala n'kupereka msoti, ndinalephera ngakhale kululutira.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa monga ndinkafunira ine. Ndikuthokozanso a Nyagondwe, mlendo amene anandiuza zimene abale ankaopa kundiuza. Sindinama kuti zonse zinatha. Bambo a ana sanabwerere, ndipo gawo lija akalibwereza pa kanema ndimazimitsabe. Koma inu amene muli ndi m'bale amene simuyankhulana naye, musaleke kupemphera, ndipo Mulungu akakulozerani khomo limene simulifuna, pitani. Chidani cha akulu amachilipira ndi ana. Lero Tadala ali pabanja, ndipo tsiku limene zinthu zidzavute m'nyumba mwake, ali ndi khomo lokagogoda. Ambuye alemekezeke. Ameni.