Wailesi Yopanda Tchanelo 16

— Halo? Ndikulankhula ndi a Jones?

— Ndine. Ndani mnzanga?

— Haruna, kuno ku Nathenje.

— Che Haruna. Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya inu ku Mitunduko? Mayi Esnart?

— Ali bwino, ali kuchigafa akusankha fodya. Kunyumba konse?

— Onse ali gwa. Mvula inakusiyani bwino?

— Inadula pa 11 Epulo.

— Inu ndi madeti anu. Halo? Mukundimva?

— Mukumveka patali.

— Ndi kaselula aka. Ndakwera pachulu kuseri kwa shopu, ndipo kakudya mayunitsi ngati chiswe. Achimwene, paja mukudziwa boti lija ndinagula ku Senga Bay.

— Lonyamula chimanga ndi anthu kupita ku Makanjira.

— Lomwelo. Liyenera kunyamuka Lachisanu, anthu ndawauza kale. Koma insipekitala wakana kusaina pepala la wailesi. Ndiye ndati ndifunse inu, poti munagwira za wailesi m'sitima zaka makumi awiri.

— Makumi awiri ndi zitatu. 1971 mpaka 1994. Wailesiyo munaigula kuti?

— Pa esiteti ina ku Malingunde, pomwe ankagulitsa katundu. Yabwino zedi. Tinaiyesa, ine kuno, mlamu wanga uko, mawu mbee.

— Ili ndi tchanelo 16?

— Ili ndi matchanelo anayi.

— Sindinafunse kuti angati. Pa 16 ndi pomwe sitima zonse zimatchera khutu, usana ndi usiku. Wailesi ya pa esiteti anaitchera kwina. Mwera ukakugwirani pakati pa nyanja muitana ndani, kapitawo wa fodya?

— Aa, musandiseke.

— Mphamvu yake? Ya m'sitima isapitirire mawati 25, ndipo izitha kutsika kufika pa imodzi mukakhala padoko. Nanga batire lapadera?

— Imadya la injini.

— Madzi akalowa mu injini, nayo yafa. Insipekitalayo sanalakwe.

— Nkhani ili pamenepo, achimwene. Insipekitalayo ndi Zipora. Halo? Yaduka?

— Ndilipo. Zipora mwana wanga?

— Wanu yemweyo.

— Mayeso anakhoza mu Novembala chabe. Ayamba kale kumutuma yekha?

— Yekha, ndi kachikwama ka zipangizo. Atandiona anagwada, kundipatsa moni bwinobwino, kufunsa za akazi anga, amayi ake a kuno. Ine mtima pansi, ndati zatheka. Kenako anadzuka, kutulutsa mita, kuyeza, kulemba. Osamwetuliranso.

— Anayamba ndi chiyani?

— Mlongoti, kenako batire. Zili ndi ntchito?

— Ndi momwemo. Pitirizani.

— Ndinamukumbutsa kuti masiwiti a m'shopu mwanga anakulira omwewo. Anavomera. Ndinati ino ndi matipate, aliyense amalankhula pomwe wafuna. Akuti pamadzi chipani n'chimodzi.

— Anatero?

— Ndiye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, pa 16 ndi polirira. Wailesi yanuyi singalire, ndipo mukweza anthu makumi atatu."

— Bwerezani pamenepo.

— Mayunitsi, a Jones.

— Pang'ono chabe. Singalire?

— Singalire. Tsono mverani. Ndinu bambo wake. Muimbireni asaine, wailesi yoyenera ndigula boti likabwerako ulendo umodzi wokha.

— Ine ndinasaina mapepala zaka zonsezo, ndipo la ulendo umodzi wokha sindinalione.

— Ndiye Lachisanu ndiwauza chiyani anthu?

— Kuti boti linyamuka Lachisanu linalo. Ku Blantyre mawailesi a m'madzi alipo. Mukakwera basi mawa, Lolemba mwaimanga.

— Mwandipha. Chabwino, nenani msanga, ndigule yamtundu wanji? Kakulira kale aka.

— Funsani a insipekitala.

— Zipora?

— A insipekitala, ndati. Ofesi amatsegula hafu seveni. Mukavule chipewa polowa.

— Inu, mwana woti ndinkamu…

— Halo? Che Haruna? Halo?