Ndinangotsinzina pamene anandifunsa za achemwali

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Mundipirire, lilime langa likadali lolemera. Ndikakakamira pa mawu musandithandize ayi, afika okha.

Ine ndi Lufeyo, ambiri mukundidziwa. Mlimi wa mpunga kuno ku Golomoti. Kale ndinali munthu wamphamvu, komanso wapakamwa. Thumba la mpunga ndinkalikweza panjinga ndekha, uku ndikuseka anzanga kuti ndi ankhalamba. Achemwali anga a Naphiri mukuwadziwanso. Mayi athu atamwalira, ndi iwo anandilera. Anandibereka kumsana, ine amene.

Koma pali china chimene simunkachidziwa. Ngakhale akazi anga, amake Tadala, sankachidziwa. Zaka ziwiri ndisanagwe, kuchipatala anandiuza kuti mtima wanga sugunda bwino, umadumphadumpha. Anandipatsa mapilitsi oti magazi asamaundane, akuti ndizimwa tsiku ndi tsiku, ndizikatenganso mwezi ndi mwezi. Ndinapita kawiri. Ulendo wachitatu, ndili pamzere, mnzanga wina anadutsa n'kundiseka kuti, "Aa, a Lufeyo, nanunso mwayamba zotalikitsa moyo?" Basi. Manyazi! Sindinapitenso. Otsalawo ndinawasomeka kudenga. Ndimati, munthu wonyamula thumba yekha angadwale mtima?

Ndiye inafika nthawi yowokera. Ndime yanga ndi ya achemwali zimamwa ngalande imodzi. Tsiku lawo lothirira, ine ndinatseka madzi n'kuwapatutsira kwanga. Anabwera ali ndi matope mpaka m'mawondo.

"Lufeyo, iwe, madzi ndi anga lero."

Ine ndinati, "Kandime kanuko n'kothirira ndi ndowa."

Anthu anaseka. Achemwali anandiloza chala nati, "Mwana iwe, udzaona."

Anthu anamva, abale anga. Anamva onse.

M'mawa mwake ndikuwerama kuti ndizule mbande, khasu linandipulumuka. Dzanja lamanja linangoti lende. Mwendo unakana. Ndinagwera m'madzi chammbali. Ndikuti ndikuwe, mawu palibe! Pakamwa papotoka, malovu akungotuluka.

Pofika nane kunyumba, nkhani inali itatha kale. "Amumenya hamala." Mukudziwa mmene timanenera kuno munthu akagwa chonchi, timati mfiti yam'menya ndi nyundo m'mutu. Ndipo wofunsa kuti ndani panalibe.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi chimene ndaimirira pano. Kulankhula sindinkatha, zoona. Koma ndinkamva zonse. Khosi linali bwinobwino. Achemwali anabwera akuthamanga, akulira, anthu n'kuwatsekereza pakhomo. Malume athu anawerama pamphasa nati, "Lufeyo, ngati si mlongo wakoyu, pukusa mutu."

Ndinayang'ana achemwali. Ndinayang'ana kudenga kumene kunali mapilitsi aja. Mtima unandiuza kuti, ukapukusa afunsa kuti nanga n'chiyani, ndipo zako zija zituluka. Sindinapukuse, abale. Sindinapukuse! Ndinangotsinzina.

Masana omwewo anawasasulira nyumba. Ndinkamva nsungwi zikuthyoka ndili gone. Ndinamva mapoto akuponyedwa panja. Mayi wamasiye, wa imvi, anatuluka m'mudzi ndi kamtolo pamutu dzuwa likuswa mtengo, ana akumukuwiza.

Ine anandithamangitsira kwa sing'anga. Mphini izi, mukuziona m'khosimu. Masiku awiri, palibe chosintha. Amake Tadala ndi amene anauma mutu, nati, "Kaya ndi hamala kaya n'chiyani, ine mwamuna wanga ndikupita naye kuchipatala." Kuchipatala chathu anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe.

Kumeneko anandigoneka pa kabedi, kabediko n'kumalowa kokha m'chimakina chobowoka pakati, chojambula m'kati mwa mutu. Ndinaopa, ndisaname. Ndimati makinawa aona zonse, ndi bodza langa lomwe.

Dokotala anali mtsikana, msinkhu wa Tadala wathu. Anatembenuza kompyuta kuti akazi anga ndi malume aone. Bongo wanga uli apo, wotuwa. Analoza kamzere koyera, kakafupi ngati kambewu ka mpunga.

"Uwu ndi mtsempha wopititsa magazi ku bongo," anatero. "Apa patsekeka. Ndi magazi oundana."

Malume anati, "Nanga pamene anamenyedwa ndi pati?"

"Fupa lili bwino, bambo. Palibe pamene pamenyedwa. Chinthuchi chachokera m'kati." Kenako anati, "Magazi oundana sakhala ofanana onse. Ena pa chithunzi saoneka n'komwe. Awa akuwala chonchi chifukwa ndi ofiira kwambiri, ndipo otere nthawi zambiri amaundana mumtima, n'kukwera ndi mtsempha. Chithunzi chokha sichingalumbire, tiyeza mtimawo. Kodi bambowa anadwalapo mtima?"

Amake Tadala anayankha msanga, "Ayi, awa? Sanadwalepo."

Dokotala sanayang'ane iwo. Anayang'ana ine. "Bambo, inu mukundimva. Anakupatsanipo mankhwala a mtima?"

Yesu wanga! Funso lachiwiri, khosi lomwe lija. Misozi inangoyamba yokha. Ndinagwedeza mutu. Eya.

"Munkamwa?"

Ndinapukusa. Pamaso pa malume, mutu umene unakana kupukusika kumudzi unapukusika bwinobwino. Malume anavula chipewa n'kutuluka panja. Atandiyeza mtima anapeza zomwezo, ukudumphadumpha. Titabwerera, amake Tadala anapisa dzanja kudenga kumene ndinawalozera, n'kutsitsa mapilitsi atachita nkhungu. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Mawu anabwerera pang'onopang'ono, patatha miyezi. Ndinayamba ngati khanda. Akazi anga ankandiwongola dzanja m'mawa ndi madzulo, ankandiyendetsa ndi ndodo kuzungulira nkhokwe. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuyenda. Ndikuthokoza Mulungu, ndikulankhula. Mapilitsi ndimamwa, ndipo pamzere paja ndimaima masana, amene akufuna kuseka aseke. Dzanja ili silinabwerere, ndimalima ndi lamanzere. Ndipo ndikupempheni, wina akagwa chonchi musataye masiku monga tinachitira ife. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Koma musaombe m'manja, abale. Dikirani. Umboni wanga ndi wopunduka ngati ine ndemwe.

Achemwali ali ku Mtakataka, kwa mwana wawo. Amagona m'khitchini. Nditangotha kulumikiza mawu ndinakwera minibasi kupita kumeneko. Ndinagwada, kugwada kwake kovuta ndi mwendo uwu. Ndinanena zonse. Anandipatsa madzi akumwa. Anandisisita dzanja lakufali nthawi yaitali. Kenako anati, "Lufeyo, zoti unkadwala ndamva, pepa. Koma tsiku lija unandiyang'ana."



Ndinati, "Achemwali, tiyeni kwathu. Nyumba ndafoleranso. Ndime yanu ndikulima, mpunga wanu uli m'matumba, sindinakhudzeko."

Anati, "Iwe ndakukhululukira, ndiwe mwana wanga. Koma sindingalowe m'mudzi mozemba ngati wakuba. Amene ananditulutsa masana, adzanditenge masana."

Papita chaka, abale. Ndapitako kanayi, ndekhandekha. Akukalamba, akutsokomola, ndipo ndikuopa kuti adzafera m'khitchini ya eni ndi dzina la ufiti, dzina limene ndinawapatsa ine potsinzina.

Sinditchula munthu. Woyamba kulakwa ndi ine. Koma amene anasasula denga lija ena muli muno. Amene anaponya mapoto, ena mwaimba kwaya lero, mwaimba bwino ndithu. Mulungu anandibwezera pakamwa, ndipo sindikhulupirira kuti anandibwezera kuti ndizinenera mitengo ya mpunga.

Loweruka m'mawa ndinyamuka kupita kumsewu kukakwera ya ku Mtakataka. Sindidzagogoda pakhomo pa munthu. Koma mwendo wanga ndi uwu, ndimachita kuukoka. Ngakhale mutachedwa kudzuka, mudzandipeza panjira.

Amen.