Penti Wofiira pa Mitengo Yamoyo

Omvera athu, yakwana nthawi ya zilengezo. Lero zabwera zinayi, zonse zochokera kumtunda kwa mtsinje.

Komiti yoteteza nkhalango ikudziwitsa onse okhala m'mbali mwa mtsinje kuti kudzakhala msonkhano Lachisanu pa 14, nthawi ya 9 koloko m'mawa, pa sukulu ya pamlatho. Mitengo yachilengedwe makumi asanu ndi limodzi, mibawa ndi mikuyu, yadulidwa pa kasupe. Yonse inali yopakidwa penti wofiira, chizindikiro chimene mlonda wa nkhalango amaika pa mtengo wouma wokha, woti anthu akhoza kudula. Koma mitengoyi inali yamoyo. Chitini cha pentiyo ndi chimodzi, ndipo chimasungidwa kunyumba kwa mlondayo, amene ambiri mumawadziwa ndi dzina loti a Chipewa. Abwere adzatchule amene anapaka. Akapanda kutchula, mlandu ndi wawo, ndipo nkhani ipita kupolisi. Chilengezochi chachokera kwa mlembi wa komiti.

Mayi woweta njuchi kumunsi kwa kasupe akudziwitsa anansi awo kuti njuchi zawo zathawa, ming'oma isanu ndi iwiri yatsala pululu, yopanda kanthu. Akuti njuchizo sakuziimba mlandu, nanga maluwa zikanawapeza kuti? Amene angaone gulu la njuchi padenga kapena pamtengo wa pakhomo, chonde asaliotche, awaitane. Chilengezochi chachokera kwa mayiwo pamodzi ndi mng'ono wawo.

Akazi a a Chipewa akudziwitsa apongozi awo, alamu awo ndi abale onse kuti amuna awo anachoka pakhomo Lolemba m'mawa ndipo sanabwerere. Anavala ovolosi yobiriwira ndi chipewa chija sachivula ngakhale pakudya. Asanachoke anasuzumira pansi pa bedi, n'kufunsa kuti, "Mayi a ana, chitinichi chapepuka bwanji?" Kenako anatuluka osamwa ndi tiyi yemwe. Mayiwo akuti, "Bambo a ana, bwererani tikambirane. Za m'nyumba sizipita pa wailesi." Koma mayi, pa wailesi pano mwazibweretsa nokha. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo ndi ana atatu.

Chomaliza ndi cholembedwa ndi pensulo, ndipo chandikhudza mtima. A Chipewa akudziwitsa akazi awo kuti ali moyo, ali kwa mlongo wawo kutsidya kwa mtsinje. Kwa bambo a akazi awo, amene munda wawo watsopano wayambira pa kasupe penipeni, akuti alibe nawo mawu. Kwa komiti akuti zaka khumi ndi zinayi akhala akuyenda m'nkhalangomo, mtengo wamoyo sanaupakepo. Dzanja limene linapaka akulidziwa, ndi lomwe limasambitsa ana awo. Akatchula, ana atsala opanda mayi pakhomo. Akakhala chete, opita kupolisi ndi iwowo. Akuti zafika pa mwana wakana phala, ndipo chisoni chawagwira.

Akuti Lachisanu afika ku msonkhano pa nthawi yake. Akupempha kuti, "Mayi a ana, mundikonzere kachikwama, bulangete, sopo ndi mswachi. Ana musabwere nawo. Mbande za mibawa zili kuseri kwa khitchini zija muzizithirira inuyo, m'mawa uliwonse, musatume munthu."

Chilengezochi chachokera kwa mlonda wa nkhalango, amene wapempha kuti kuyambira Lachisanu tisadzawatchulenso choncho.