Ndinakana Kunyamula Mdzukulu Wanga

Moni abale ndi alongo nonse amene mukuwerenga. Nkhani iyi sindinaifotokozepo pagulu, ngakhale abusa athu anangomva kachidutswa. Ndalemba ndekha, poti sukulu ndinaphunzira ya kwacha imvi zitayamba kale, ndiye mundikhululukire pomwe ndakhotetsa. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndinali kapolo wa kusamba m'manja.

Kale ndinkagwira ntchito yopopera mankhwala pa esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje. Tinkakhala m'nyumba za kampani, Alomwe, Ayao ndi anzathu othawa nkhondo ku Mozambique, tonse mpopi umodzi. Ndimawasowa masiku amenewo. M'mawa nkhungu ikamatsika m'phiri, othyola tiyi ankadutsa ndi madengu kumsana akuimba, ndipo madzulo mwana wathu woyamba, Felista, ankandichingamira pakamlatho n'kundilanda chipewa.

Chaka chomwe tinavotera matipate, tsiku lina ndinaweruka nditagula nanazi panjira. Sopo wakuntchito anali atatha, ndiye ndinangotsukuluza manja m'ngalande. Kufika kunyumba ndinasenda nanazi uja n'kumudyetsa Felista ndi zala zangazi. Patapita masiku atatu anatentha thupi, n'kukomoka, n'kutisiya ali ndi zaka zinayi. Achipatala anati malungo. Koma mtima wanga unati, wapha ndiwe, ndi mankhwala a m'manja mwako. Sindinauze munthu, ngakhale akazi anga.

Ndinayamba kusamba kawiri, kenaka kanayi, mpaka kasanu ndi kawiri motsatizana. Ndikasokoneza kuwerenga ndinkayambiranso. Zikhatho zinang'ambika ngati nthaka ya mu Okutobala. Ntchito yopopera ndinasiya kalekale, koma ganizo loti manja anga ali ndi poizoni silinandisiye. Ndinkadziwa ndithu kuti n'zopanda nzeru, koma ndikati ndileke, mantha ankandibwezeranso kumadzi. Ndinkadya ndekha. Pamaliro sindinkapisa m'mbale imodzi ndi anzanga, kutchalitchi moni ndinkapereka manja ali kumbuyo. Anthu anayamba kunong'ona kuti ndine wokhwima, ati asing'anga anandiletsa kukhudza anthu.

Nditadziwa kuwerenga, chinthu choyamba kufunafuna chinali kapepala kakuchipatala ka Felista. Ndinawerenga ndekha kuti malungo. Ndinalira, kenaka ndinapita kukasamba m'manja. Ndinasala kudya, ndinapemphereredwa, osasintha. Ndinafika poganiza kuti Mulungu anandikana.

Choopsa chinabwera pamene mwana wathu wotsala, Esinati, anabereka mwana wamwamuna. Tsiku lotuluka m'chikuta anabwera naye pakhonde, achibale atasonkhana, kuti ine agogo ake ndimulandire ndi kumutcha dzina. Ndinayang'ana kakhungu kofewa kaja, ndinayang'ana manja anga, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ababa, landirani mwanayu," anatero Esinati.

"Apatseni amayi anu."

"Ndiye zimene amanena anthu n'zoona? Mukuopa chiyani pa mwana wanga?"

Ndinabisa manja kumbuyo. Sabata isanathe, iye ndi mwamuna wake anasamukira ku Limbuli, nati pakhomo panga sadzapondanso. Ndinataya mwana woyamba ndi manda, wachiwiri ndinali kumutaya ndi maso.

Yankho la Mulungu linabwera tsiku lomwe ndinapita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Adokotala ake, mayi wachikulire ndithu, anaona ming'alu ija n'kufunsa, "Agogo, mumasamba kangati?" Ndinanama kuti kawiri. Iwo anamwetulira nati, "Nanga mukasokoneza kuwerenga, mumayambiranso?" Abale, palibe munthu anadziwapo za kuwerengako.

Anandiuza kuti awa ndi matenda a maganizo, pachizungu amati OCD. Ganizo loopsa limabwera losaitanidwa, munthu n'kuchita kanthu kuti mtima utsike, koma ukatsika pang'ono ganizolo limabwereranso ndi mphamvu. Anati ena amabwerera kakhumi kukaona ngati atseka chitseko, ena amavutika ndi mawu onyansa obwera m'mutu ali pakati pa pemphero, ndipo nthawi zambiri nkhawa ndi kukhumudwa zimayendera limodzi ndi matendawa. Si ufiti, si tchimo. Ananditumiza kwa oona za maganizo, amene anandipatsa mapilitsi ndi ntchito yovuta: kugwira chinthu, osasamba, kudikira mpaka mantha atatopa okha.

Miyezi isanu ndinalimbana nazo. Akazi anga ankakhalira ndowa yamadzi ngati mpando, akuimba nyimbo ya m'buku, ine ndikutuluka thukuta pamphasa. Masiku ena ndinkagonja n'kuthamangira kumjigo.

Sindinganame kuti zinatheratu, ganizo lija limagogodabe, koma sindilitsegulira. Ndikuthokoza Mulungu amene anaika funso lija pakamwa pa adokotala, ndi mayi wa kunyumba amene sanandithawe. Inu amene mukubisa zotere, musaleke kupemphera, koma kuchipatala pitani, ndipo musatope msanga. Inunso amene mumatcha anzanu okhwima, yambani mwafunsa.

Tsiku lina masana ndinadya m'mbale imodzi ndi akazi anga, koyamba chimwalirire Felista. Pomwepo ndinawaululira za nanazi uja. Anasiya kudya nati:

"Abambo, nanazi ameneyo ndinadyako inenso, munachita kundipatsira m'manja. Zaka zonsezi munasenza nokha zimenezi?"

M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa ku Limbuli. Ndinamupeza Esinati akuchapa, mwana akukwawa pambali pake. Ndinamufotokozera zonse nditakhala pansi, kenaka ndinatambasula manja. Anazengereza, koma anandipatsa. Mnyamatayo anandigwira ndevu, kenaka ndinamva kufunda pamwendo, wandikodzera.

"Dikirani ndikutungireni madzi, ababa," anatero Esinati.

Ndinati, "Asiye madziwo. Ndiuze kaye dzina limene munamutcha."