Chimkuzamawu Anachitsekera M'kabati

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndine Mbewe wa ku Mitundu. Sindine wa nkhani zambiri, ngakhale ntchito yanga ndi ya pakamwa.

Ndinayamba kulengeza mauthenga a bungwe lathu la alimi matipate atangoyamba kumene. Ndinkapalasa njinga ndi chimkuzamawu, Mitundu mpaka Nathenje. Uthenga ndinkaunena katatu, kenako n'kukhala chete mpaka wina ayankhe kuti, "Tamva." Popanda yankho limenelo sindinkachoka.

Mkazi wanga atamwalira, ana ali kale ku tauni, "tamva" ameneyo ndiye anali moni wanga wa tsiku.

Zaka zitapita, ku ofesi kunasintha. Mlembi anati, "Bambo Mbewe, njinga ipume. Alimi tawaika pa gulu la pa foni, muzilemba pamenepo." Chimkuzamawu anachitsekera m'kabati.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Ndinkalemba ndi chala chimodzi, ndili pakhonde. Uthenga ukapita, zii. Ndinkadikira, abale. Ndinkadikira. Kunkacha, kunkada, osalankhula ndi munthu.

Ndinalemba za katemera wa chitopa. Alangizi anabwera, anthu sanabwere. Nkhuku zinatha m'midzi. Mlembi anati, "Zikachitikanso, tipeza wina." Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, mawu munandipatsa ndinu. Ndikawasiye kuti?"

Tsiku la msika ndinapita ku Nathenje, ndilibe chogula. Ndinkangofuna kumva anthu. Nachisale, mayi wogulitsa tomato, anandiona.

"A Mbewe, ife timayesa munamwalira. Tinangoti wolengeza malirowo ndiye wasowa."

"Ndimalemba pa foni," ndinatero.

"Mumalembera ndani? Ife timawerenga? Nkhuku zanga zinafa zonse."

Anandilanda foni n'kuloza kachizindikiro ka pakona. "Dinani apa, musachotse chala, muzilankhula. Mwana wanga wa ku Joni amatero."

Ndinadina. Ndinanena za katemera wachiwiri, katatu. Kenako ndinakhala chete monga mwa chizolowezi, chala chili pomwepo, kudikira. Nachisale anaseka. "Tamva, a Mbewe, tamva. Chotsani chalacho." Zonsezo zinapita pa gulu, chete wanga ndi kuseka kwake komwe.

Ndisanafike pamene ndinakhazika njinga, foni inalira. Mawu a bambo wina: "Tamva." Inaliranso, mayi wina: "Tamva, koma munasowa." Inalira njira yonse. Ndinatsika njinga n'kumaikankha kuti ndizimvetsera.

Pa katemera wachiwiri mzere unali wautali. Ntchito ndikadali nayo. M'nyumba ndikadali ndekha, zimenezo sizinasinthe. Koma m'mawa ndimalankhula, ndipo anthu amayankha.

Uthenga wanga lero ndi uwu, abale. Ambuye anandimva. Ambuye anandimva. Ambuye anandimva.

Paja musanayankhe sindichoka.