Kachewere wa a Cassimiro

Abambo Padiri, mafumu athu, aphunzitsi anzanga, mayi Rufina, akazi awo a Cassimiro, ndi ana anu, makolo nonse, ndakulonjerani.

Ine ndine Timóteo. Ndaphunzitsa chipinda choyandikana ndi cha a Cassimiro zaka zambiri, khoma lake lopyapyala, choncho zawo ndimazidziwa.

Mwambo uno wowatsanzika pamene akupuma ntchito, iwo anaukana. Anandiuza kuti, "Timóteo, dzanja likunjenjemera, jizi wolembera pa bolodi akundipulumuka. Mphunzitsi wolephera kulemba amutsanzike ndani? Ndingochoka mwakachetechete." Mawu amenewo anandipweteka, ndipo ndaimirira pano kuti ndiwayankhe.

Mukuidziwa Juni wa kuno ku Domwe. Ana amatsika m'mapiri zala zitauma gwa, lapi, pensulo ija, osagwirika. Akalemba zokhota, ife ena tinkathamangira palimatoriya, kathabwa komenyera ana m'manja, kumenya dzanja lomwelo lozizidwa. Mawa lake mwana osabweranso, wapita kukaweta ng'ombe. A Cassimiro anaganiza zina. Ankawotcha kachewere wa m'munda mwawo, mwana aliyense afumbate wake wotentha, zala zimasuke, alembe mzere umodzi, kenako adye. Mayi Rufina, pepani, lero mwadziwa amene ankakuberani m'munda.

Koma poyamba nzeruyi inavuta. Moto anausonkha m'chipinda momwemo, denga la udzu! Mwana wina anakuwa kuti, "Moto!" Iwo ali kalikiliki pa bolodi, osacheuka n'komwe, akuti, "Moto watani? Malizitsa chiganizo!" Mwana uja akuti, "Moto wagwira denga, aphunzitsi!" Iwo akuti, "Wakhoza." Kenako ndiye liwiro. Abambo Padiri akale anafika ndi ndowa, mkanjo ataukwinyira m'maondo.

Mafunso awo ndi awiri basi: Ndani? Watani? Kaya m'Chinyanja, kaya m'Chipwitikizi chija chotivutitsa pa mayeso, mwana anene wochita ndi chimene wachita. Ngakhale mukawauza kuti "zikomo", amakuyang'anani ngati pali mawu otsala. Anyamata athu amene ali m'minda ya fodya ku Rodeziya saalemberedwa makalata ndi munthu. Amalemba okha, ndipo zimamveka.

Tsopano imvani zimene ndinaona ndi maso anga m'Juni wapitayu. Ndinalowa kudzabwereka jizi. A Cassimiro anali kulemba, dzanja likugwedezeka, chilembo chikukana kuima. Anafufuta, anayesanso, chimodzimodzi. Ine ndinayang'ana pansi.

Pamenepo kamtsikana kakang'ono, Efigénia, kananyamuka. Kanagwada, n'kupereka kachewere wake, asanalumidwe n'komwe. Kakuti, "Aphunzitsi, mwazizidwa. Fumbatani kaye, mulemba bwino."

Munalandira, achimwene anga a Cassimiro, n'kutuluka panja. Madzulo ake munapita kwa Abambo Padiri kukapempha kupuma. Inu munati ana akuonani kufooka, ndipo munachita manyazi. Ine ndikukana. M'chipinda changa, dzanja langa likadanjenjemera, ana akadaseka mobisa, chifukwa ndinawaphunzitsa mantha. M'chipinda chanu sanaseke ndi mmodzi yemwe. Mwana anaona dzanja likulephera, ndipo chimene chinam'bwerera m'mutu ndi kulifunditsa. Anaphunzira kuti zimenezo? Kwa inu.

Zikomo, a Cassimiro. Ndimalize chiganizo: tikuthokoza chifukwa ana athu amabwera kushikola osaopa. Pitani mukapume. Mukadzuke dzuwa litakwera, muothere pakhonde, adzukulu akulembereni zimene mukufuna. Mayi Rufina, tikukubwezerani amuna anu, muwasamale.

Tsopano nonse amene dzanja lanu linagwiridwa ndi bambowa polemba dzina lanu koyamba, imirirani. Achimwene, tukulani mutu, muwaone. Anthuni, m'manja mwamphamvu!