Kope la Esinati ndi Chiswe cha ku Chiuta

Chaka chimene mfuti zinakhala chete, ife n'kubwerera kuno ku Chiuta kuchokera ku Malawi titasenza mphasa ndi mapoto, Esinati, amene inu mumati amayi, anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti alembe mayeso kusukulu ya ku Malawi. Ikani kaye pansi mafoniwo, adzukulu, popeza mayeso a Chingelezi a mawa akukulizani ngati mwaferedwa.

Amalume ake a Esinati anali atagamula kale kuti kuno n'kwa Chipwitikizi, Chingelezi sichiphika ndiwo, mtsikana akwatiwe ndi mnyamata wina wabwato. Ine ndinapempha chaka chimodzi chokha, akalephera ndigonja. Choncho Lolemba lililonse ndinkamukweza panjinga, nsomba zouma kutsogolo, iye kumbuyo, kudutsa malire pa Entre Lagos kukamusiya kwa banja lija linatisunga pankhondo, anthu amene ankadziwadi kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Lachisanu n'kukamutenga.

Aphunzitsi ake, a Bwanali, anawalembetsa anawo kope lathunthu la zining'a za Chingelezi, ndi timawu tija toyenda tiwiritiwiri ngati nkhunda. Inu lero mumangosisita galasi ndi chala, koma iye njira yonse ankaloweza mofuula m'khutu mwangamu, mpaka agalu a m'midzi anayamba kuuwa m'Chingelezi. Ine sukulu ndinalekeza pamene anzanga ankayambira, koma kutsanzira kokha ndinabadwa nako. Podikira Lachisanu ndinkaima pazenera kumvetsera a Bwanali, kamawu kapamphuno ndi katsokomole kawo, ndikafika kunyumba n'kuwasewera mpaka agogo anu aakazi ankanditcha wamisala.

Patchuthi chomaliza Esinati anabisa kope pamwamba pa chipupa cha nyumba yathu yatsopano. Chiswe cha kuno chinakhala ndi njala nkhondo yonse, moti atalitsitsa anapeza chikuto chokha, m'kati muli dothi. A Bwanali, amene nawonso anali othawa nkhondo, anali atabwerera kwawo kutali, ndipo makope a anzake anali odukaduka. Kunali kutatsala sabata ziwiri kuti mayeso ayambe. Mwanayo anakhala pakhonde osadya, ndipo amalume ake anabwera kudzapepesa nkhope ikuwala ngati yopaka mafuta.

Ndinati Esinati akwere njinga. Anakana, ndinamukakamiza, atagwira pensulo ndi mapepala okulungira nsomba. Titafika pamlambe wa m'mbali mwa njira, pakamwa panga panangotseguka pokha, ndinatsokomola ngati a Bwanali n'kuti, “Givapu! Putofu! Lukafuta!”

“Ababa, bwerezani,” anatero Esinati.

“Pano ndi pamene unkayambira. Zotsatira zili pamlatho.”

Mwaona, mutu wanga unasunga mawu aliwonse pamalo pamene ndinawamvera: ena pamlatho, ena pachulu, aatali aja onena za mvula ndi amphaka pamtunda pamene ndinkatsika kukankha. Tanthauzo sindinkalidziwa ngakhale limodzi, koma ine ndikatchula phokoso lake, iye ankakumbukira kalembedwe ndi tanthauzo. Mutu umodzi susenza denga. Tinayenda njirayo kanayi, miyendo yanga inafupika ndi chikhatho chathunthu, ndipo amayi otunga madzi ankathawa poganiza kuti ndagwidwa mizimu ya azungu.

Anakhoza. Amalume ake anameza malovu, mnyamata wabwato anakwatira kwina, ndipo agogo anu anangoti wamisala anaona nkhondo. Lero Esinati akuphunzitsa Chingelezi chomwecho, ndipo ine ndimathokoza a Bwanali kulikonse kumene ali, banja lija la kutsidya, ndi mtendere umene unatsegula msewu kuti munthu azifuula m'njira osaopa kuti wina amumva.

Tsono musamawerenge chamumtima ngati mukuba. Werengani mokweza, wina azikusungirani, pakuti foni nayonso ili ndi chiswe chake. Yambani, makutu angawa akadali ndi malo.